Sofa Yobwereka Yaluzitsa Amayi Nyumba

Aphungu,

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, aphunzitsi anga anatumiza uthenga kuti abwera kunyumba kudzaona chimene chinkandigonetsa m'kalasi. Amayi atamva sanafunse n'komwe za tulo tangato. Anandituma kwa aneba kukabwereka mpando, nsalu ya patebulo ndi wotchi yapakhoma. Wotchiyo inali yakufa, inaima pa teni koloko, koma anaikoleka ndithu pamsomali. Aphunzitsi anakhala pampando wobwereka, n'kumwa tiyi m'kapu yobwereka, n'kuyang'ana wotchi ija, kenako anati, "Mwanayu palibe chimene akusowa, ndi ulesi basi." Mawa lake ndinakwapulidwa. Chimene iwo sanaone n'chakuti mvula ikagwa tinkagona chokhala, titakumbatira mabulangete kuti asanyowe. Amayi anasangalala sabata yathunthu. "Waona? Apita osadziwa kanthu."

Ndayambira kutali kuti mudziwe kuti matenda ndikukuuzaniwa si a dzulo.

Pano ndili ndi zaka 37. Ndinafika ku yunivesite, digiri ili m'sutikesi pansi pa bedi. Ndimagwira ntchito pa kampani yosindikiza mabuku, kuwerenga zolemba za anthu ena n'kumachotsa zolakwika zisanapite ku makina. Malipiro ake amangokwanira lendi ya chipinda ndi kabalaza, mmene timapanikizana ine, mkazi wanga ndi ana atatu. Sindine woyankhulayankhula. Pa zokambirana za pabanja, ine ndi uja amangomupatsa cholembera.

Amayi ali ndi zaka 71. Amakhala m'chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa galaja yokonzera magalimoto, pamodzi ndi adzukulu awo awiri aakazi, ana a malemu mlongo wanga. Denga limadontha malo anayi, ndipo malo aliwonse ali ndi ndowa yake. Khoma la kumutu kwa bedi lili ndi mng'alu woti dzanja limalowa, ukasuzumira umaona amakaniko akukangana. Chimbudzi ndi cha mabanja asanu ndi limodzi, ndipo kuti akafikeko amatsika masitepe atatu oterera ndi maondo amene adokotala anati anatha kalekale. Tsopano eni malo agulitsa, ogulawo akufuna kukulitsa galaja, ndipo onse a m'zipindamo apatsidwa miyezi itatu kuti achoke.

Pali bungwe lina losafuna phindu limene limamanga tinyumba ta zipinda ziwiri ta okalamba ndi mabanja ovutika. Wopatsidwa nyumba amalipira pang'onopang'ono ndalama yochepa kuposa lendi, abale ake amakathandiza kumanga masiku angapo, ndipo pakapita zaka nyumbayo imakhala yake, pepala lake lili m'dzina lake. Chaka chino akumanga nyumba 40. Opempha ndi mazanamazana, choncho amayendera aliyense kuti aone amene ali pa mavuto aakulu kwambiri. Kunena zoona, Aphungu, mpikisano umenewu wokha ndi umene banja lathu likanapambana osakonzekera. Ife tinakonzekera.

Fomu ndinalemba ndine, si paja ndine wophunzira wa pabanja. Panali funso loti tifotokoze mavuto a nyumba imene akukhalamo. Ndinalemba kuti denga limadontha. Amayi anali ataima kumbuyo kwanga, akundiuza kuti ndiziwerenga mokweza. "Ukufuna anthu a mu ofesi aziwerengerana zimenezo akumwa tiyi? Lemba kuti limalowetsa kachinyezi." Ndinafufuta, n'kulemba kachinyezi. Mng'alu uja unasanduka "khoma lofunika kukonza mwa apo ndi apo". Chimbudzi chinasanduka "chogwiritsa ntchito mogwirizana ndi anzathu". Ndinaiwerenga kawiri, munalibe cholakwika ngakhale chimodzi. Inali fomu yokongola. Aliyense woiwerenga akanalakalaka kusamukira komweko.

Kenako a bungwe anaimba foni kuti munthu wawo abwera Lachinayi.

Amayi anakonzekera masiku atatu. Kutsidya kwa msewu kuli mnzawo wina amene tonse timangowatcha Amayi a Saluni. Kumeneko kunachokera sofa ya anthu awiri, makatani, kapeti ndi kanema wamkulu, ngakhale m'chipinda cha amayi mulibe ndi soketi yomwe. Ndowa zinayi zija zinakabisala kuseri. Kapeti inaphimba pamene madzi anadya simenti. Mng'alu anauphimba ndi kalendala, ndipo pamene kalendala inathera anapachikapo chithunzi changa cha tsiku lolandira digiri. Ndinkadzifunsa kuti digiri yangayi idzawathandiza liti amayi. Inawathandiza tsiku limenelo, kutseka bowo.

Atsikana aja anauzidwa kuti akachoka kusukulu akadikire ku saluni, chifukwa amasokosa. Matiresi awo anakawaika m'basi yakufa ya ku galaja, chifukwa amadetsa m'nyumba. Ndodo ya amayi inapita kuseri kwa chitseko.

Ndipo amene ananyamula sofa, Aphungu, ndi ine. Ndinachita kupempha tchuthi kuntchito kuti ndikainyamule. Tili pakati pa msewu, ine kutsogolo, makaniko wina kumbuyo, amayi akutilondolera ngati wapolisi wa pamsewu, ndinayesako kamodzi. Ndinati, "Amayi, kodi si bwino aone mmene zilili?" Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Mlendo ndi mlendo. Ndinakuphunzitsa sukulu kuti uzindiyalutsa?" Ndinangokweza bwino mbali yanga ya sofa.

Wa bungwe uja anali mayi wachitsikana, nsapato zake zili mbuu ndi fumbi. Anati yathu inali nyumba yachisanu ndi chitatu tsiku limenelo. Atakhala pasofa anapumira m'mwamba ngati munthu amene wafika kwawo. Anafunsa kuti, "Agogo, mvula ikagwa zimakhala bwanji muno?" Amayi anati, "Timangomva kukoma kwa kaphokoso kake pamalata, mwanangu." Anafunsa kuti amakhala ndi ndani. "Ndi Mulungu." Anafunsa za maondo. Amayi anadzuka okha osagwira kanthu, n'kuyenda mowongoka mpaka pa ketulo, ulendo umene sindinawaone akuyenda chotero kwa zaka zisanu. Ndinaona thukuta pakhosi pawo. Mlendo anaona tiyi.

Kenako anakweza maso n'kuona chithunzi chija. "Awa ndi inu, bambo?" Ndisanayankhe amayi anati, "Ndi mwana wanga ameneyo, bwana wamkulu ku kampani ya mabuku." Bwana wamkuluyo anali atabwera wapansi kuti asunge ya basi yobwerera. Ndinagwedeza mutu kuvomereza.

Asanatseke buku lake, mayiyo ananditembenukira. Ndikuganiza kuti pali chimene anakayikira, chifukwa anali akuyang'ana waya wa kanema amene anangothera pansi osalowa paliponse. Anati, "Pali choonjezera, bambo?" Mawu anali pakamwa penipeni. Ndinayang'ana amayi, atavala diresi yawo ya kutchalitchi, manja pamiyendo, nkhope ikuwala. Ndinati, "Ayi, n'zomwezo."

Kalata inabwera patatha masabata atatu. Amayi ali pa nambala 212. Pansi pake analemba kuti wopempha amakhala yekha, m'nyumba yosamalika bwino, ali ndi katundu wokwanira komanso mwana wa ntchito yapamwamba. Nditawawerengera, anandiuza kuti ndibwereze pamene pali "yosamalika bwino". Ndinabwereza. Anamwetulira, n'kufunsa kuti, "Ndiye makiyi atipatsa liti?"

Nditawafotokozera kuti 212 ili kutali ndi 40, anandilanda kalatayo n'kuipinda. Kenako anati mtsikana wa bungwe uja anali wamwano, anamwa tiyi wawo n'kupita kukawanamizira.

Kalatayo ikuti tikhoza kudandaula pasanathe masiku 21, ndipo akhoza kudzayenderanso. Atsala masiku khumi. Koma pepala lodandaulira liyenera kusainidwa ndi mwiniwake, ndipo mwiniwakeyo wakana. "Ndisaine kuti ndine wosauka? Ndalera ana asanu ndi manja awiriwa osapempha kanthu kwa munthu." Za sofa sindinawakumbutse. Nditatchula za kujambula mng'alu anati, "Udzajambule ndikafa, udzaike ndi pa maliro pomwe."

Achimwene anga aakulu, amene amayendetsa lole, ali ndi nzeru yawo. Amanditcha Pulofesa, ndipo sikuti n'kundilemekeza. Anati, "Pulofesa, sukulu inakudyera nzeru. Ngati ndi sewero, tisewere lopambana. Tichotse bedi, tizule chitseko, tithire madzi pansi, tibwereke ana ena atatu kwa aneba akhale asanu. Mayi tiwauze kuti tsikulo akudwala, asayankhule." Akutinso akudziwa bambo wina amene amakhala pa geti ya bungwelo, amene ukamupatsa kangachepe amakweza dzina pa mndandanda. Ndinawauza kuti ndiganizira. Ndimauza aliyense kuti ndiganizira.

Tsono pali chimene sindinauze munthu. Amayi ali kuchipatala tsiku lina, ndinajambula zonse pa foni: ndowa, mng'alu, matiresi a atsikana, masitepe. Komanso siginecha yawo ndimaitha, chifukwa amene anawaphunzitsa kusaina ndi ine, ndili ku sekondale. Ndayeserera kale katatu kuseri kwa envulopu. Imafanana mpaka kuchititsa mantha.

Aphungu, ndichite chiyani? Ndisaine ndekha n'kupereka zithunzizo iwo osadziwa? Nditsatire achimwene? Nthawi zina ndimaganiza kuti mwina amayi akulondola. Moyo unawalanda mwamuna, mwana ndi maondo, ulemu wawo pamaso pa mlendo ndi chokhacho chinatsala, ndiye ine ndine ndani kuti ndiwalande? Kenako ndimakumbukira kuti pakatha miyezi itatu pamene pali bedi lawo padzakhala dzenje lothirira oilo, ndipo kwanga malo otsala ndi pansi pa tebulo. Ndikaganiza izi ndimaona choyenera kuchita. Ndikafika pakhomo pawo, n'kuwapeza akusesa, ndimangofunsa za maondo n'kubwerera.

Ine wothedwa nzeru,
D. W., kuno ku tauni

*

Bambo D. W.,

Choyamba ndikuyamikeni. Mabungwe amalipira anthu kuti achepetse mndandanda wa opempha. Banja lanu linawagwirira ntchitoyo ulele, mpaka kuwaphikira tiyi. Inuyo munawonjezera ndi tsiku la tchuthi. Anthu odzipereka chonchi akusowa masiku ano.

Mayi wa bungwe uja musiyeni, sanalakwe. Analemba zimene anaonetsedwa. Anakutsegulirani ngakhale khomo ndi funso lake lomaliza, inu n'kulitseka mwaulemu.

Za achimwene anu tithane nazo msanga. Nzeru yawo ndi matenda a mayi anu omwewo, angowatembenuza. Ulendo woyamba munabwereka chuma, wachiwiri mukufuna kubwereka umphawi, ngati kuti wanuwo sukukwana. Banja lanu lili ndi vuto lanji ndi katundu wake? Oyendera nyumba amafunsa aneba, amafunsa kusukulu, ndipo mwana wobwereka akamva njala amanena kuti akufuna kupita kwawo. Akakugwirani, musayembekeze nambala 212. Yembekezani kufufutidwa. Achimwenewo asungeni, adzafunika pa tsiku lonyamula njerwa. Lole ali nayo, mphamvu ali nazo, kuganiza kokha ndi kumene apume kaye.

Envulopu mwayesererapo siginecha ija ing'ambeni lero. Kusainira munthu ndi mlandu, ndipo nyumba yoyambira pa siginecha yabodza angathe kudzawalanda ali m'katimo. Koma tiyerekeze kuti palibe wakugwirani. Bungwe lavomera, laimba foni kuti libweranso Lachinayi. Mukuganiza kuti mayi anu adzatani? Mudzapezeka pakati pa msewu, sofa ili pamapewa. Vuto lanu si siginecha. Vuto lanu ndi lakuti simunayankhule ndi mayi anu, munangoyesako kamodzi muli wefuwefu ndi katundu.

Mawa m'mawa pitani ku ofesi ya bungwelo nokha, osati pa foni. Funsani mayi anabwera uja, mumuuze mawu anayi: "Sofa ija inali yobwereka." Sadzakomoka. Okalamba obisa mavuto pamaso pa alendo amakumana nawo sabata iliyonse, mayi anu angowaposa luso. Mufunseni zimene zimafunika podandaula, ndiponso ngati angabwerenso osanena tsiku. Tengani kalata ya eni malo yowachotsa, makalata a kusukulu osonyeza amene akulera atsikanawo ndi kumene amagona, buku la kuchipatala la maondo, ndi pepala la malipiro anu. Ndikudziwa kuti lomalizali likuwawa. Ubwana waukulu uja uthera pamenepo, koma sunakudyetseni ndi kale lomwe.

Kenako kakhaleni pansi ndi mayi anu, achimwene kulibe, atsikana ali kusukulu. Mawu oti "osauka" asatuluke pakamwa panu, ndipo musawalembe papepala. Palibe akuwapempha kuti asaine kuti ndi osauka. Akuwapempha kuti anene amene amagona m'chipindamo ndi pamene madzi amalowera. Auzeni kuti mng'aluwo si wawo, ndi wa eni nyumba amene akhala akulandira lendi zaka zonsezi osagula ndi thumba limodzi la simenti. Akhala akubisa manyazi a munthu wina ndi chithunzi cha mwana wawo. Auzeninso kuti nyumba imeneyi si yopemphetsa: adzalipira, ana awo adzakamanga, pepala lidzakhala m'dzina lawo. Ndipo afunseni funso limene mwakhala mukulizungulira: miyezi itatu ikatha, ana a mwana wawo wamkazi akagona kuti? Mukafunsa, khalani chete. Apa pokha ndi pamene luso lanu lokhala chete lingagwire ntchito.

Zithunzi zija aonetseni iwo asanazione a bungwe. Adzakwiya. Adzakukumbutsani za sukulu imene anakulipirirani. Mwina atha masiku awiri osakuyankhulani. Simufa. Munthu wa zaka 37 akhoza kupirira kukalipiridwa ndi mayi ake.

Ulemu wawo musawalande, ndipo palibe chifukwa chowalandira. Tsiku lobweranso mlendo asese mmene angafunire, avale diresi ya kutchalitchi, aphike tiyi. Lamulo likhale limodzi: pakhomopo pasalowe kanthu, pasatuluke kanthu. Ndowa pamalo pake, matiresi pamalo pake, ndodo m'manja, atsikana m'nyumba, asokose mmene amasokosera. Chipinda chodontha koma chosesedwa bwino chimanena zabwino za mwini wake kuposa kanema wopanda magetsi. Ndipo dutsani ku saluni mukawauze Amayi a Saluni zimene kukoma mtima kwawo kunachita. Mnzawo akawakaniza sofa, n'kuwauza chifukwa chake, adzamva msanga kuposa mmene angamvere kwa mwana.

Ndisakunamizeni: nyumba ndi 40, ndipo pali ena amene alibe ndi denga lodonthalo. Mukhoza kunena zoona zonse n'kuthera pa nambala 55. Choncho funsani ngati dzina limasungidwa mpaka chaka chamawa, ndipo inu ndi achimwene yambani lero kufunafuna chipinda china chopanda masitepe. Koma ngati n'kuluza, aluze ndi chipinda chawo chenicheni.

Mwandifunsa kuti ndinu ndani kuti muwalande ulemu. Funso lokoma, la munthu wowerenga mabuku. Koma taonani bwino amene kukhala chete kwanu kwamuteteza mpaka pano. Si mayi anu. Si atsikana aja. Ndi inuyo, kuti musaone nkhope ya mayi anu itakwiya. Mwakutcha kudzichepetsa, koma amene akukulipirira ndi mayi wokalamba ndi ana awiri.

Chenjezo langa ndi bambo wa pa geti uja. Munthu amene amakwezadi mayina sakhala pa geti padzuwa. Musamupatse ngakhale ya basi, musamupatse chiphaso cha mayi anu kuti "akachite kope", ndipo chilichonse chokhudza nyumbayi chichitikire m'kati mwa ofesi, pamaso pa munthu amene ali ndi desiki. Achimwene akaumirira, auzeni kuti mwaganizira ndipo yankho ndi ayi.

Fomu yanu munati inalibe cholakwika, koma sinanene zoona. Kalata mwandilemberayi ili ndi zofufutafufuta, koma chipindacho ndachiona, ndi thukuta la pakhosi pa mayi anu lomwe. Iwo sanamvepo mwana wawo akunena zimenezi. Ngati pakamwa padzaumanso mukadzawapeza akusesa, muwawerengere, kuyambira tsamba loyamba, osadumpha pamene pakunena za inuyo.

Sindibweza makalata, koma iyi ndabweza. Ndawauza mayi wa pakauntala ya ofesi yathu kuti akaona bambo waulemu akuzungulirazungulira panja osalowa, amuitane, ndi inuyo. Masamba anu asanu ndi limodzi ndawapinda pakati, ndawapereka m'manja mwawo.

Aphungu